Wochoka ku league n'kulowa union: timuike mu timu iti, ndipo pa nambala iti?

Wa ku Kapata

Zikomo akuluakulu. Pali mkangano umene sukutha pakati pa anyamata oonera rugby kuno ku Kapata, ndiye ndati ndiutule kwa inu odziwa. Unayambira pa Joseph Suaalii. Mnyamatayu anachoka ku Sydney Roosters, timu ya rugby league, ndipo mu November 2024 Australia inamuveka nambala 13 pokumana ndi England ku Twickenham, asanasewereko ngakhale gemu imodzi ya union ya akatswiri. Australia inapambana 42-37, iye n'kusewera mogometsa. Ena akuti basi nkhani yatha, waluso ndi waluso, league ndi union n'chimodzimodzi. Ena akuti nanga Sam Burgess, wochokeranso ku league, amene England inamuthamangira mu 2015 zinthu n'kuipa?

Funso langa lili pawiri. Choyamba, n'chiyani kwenikweni chimene chimavuta munthu akasintha, popeza mpira ndi wofanana, bwalo ndi lofanana, mphindi ndi 80 konsekonse? Chachiwiri n'cha kuno kwathu. Anyamata ambiri akuphunzira kugwetsa ndi kuthamanga poonera timavidiyo ta NRL, mpikisano wa league wa ku Australia, pa YouTube, koma gemu imene timasewera m'Zambia ndi union ndi sevens, union ya anthu 7. Kochi akamasankha timu, mnyamata wamphamvu koma wa zizolowezi za league amuyambitse, kapena ayambe wakhala pa benchi? Ndifuna mayankho oti ndikawauze anyamatawa pa bwalo, osati zongoti uyu ndi dolo uyu ayi.

Mphunzitsi wa masewera, Katete

Abale anga a ku Kapata, mkangano wanu mwauyambira pa maina, pamene nkhani ili pa timasekondi timene timabwera munthu akangogwetsedwa. Kuthamanga, kuzemba ndi kupatsirana mpira n'zofanana ndithu. Kusiyana kuli pansi.

Ku league akakugwetsa, kulimbirana mpira kwatha. Okugwirawo amakusiya, iwe umadzuka mpira uli m'manja, n'kuukankhira kumbuyo ndi phazi kuti mnzako autole. Adani amabwerera mamita 10, kupatula awiri amene amaima pamaso pako. Timu ili ndi mipata 6 yotere, ikatha mpira umapita kwa anzanu, n'chifukwa chake akagwetsedwa kachisanu amaumenya kutsogolo. Ndiye wa league amakula akudziwa kuti angathe kuthamangira yekha pakati pa anthu atatu, agwe, adzuke, mpira ukadali wake.

Ku union palibe wokuwerengera. Bondo likangogunda pansi wina atakugwira, uyenera kuusiya kapena kuupatsira nthawi yomweyo, ndipo mdani aliyense amene waima ndi miyendo yake, wochokera mbali ya kwawo, ali ndi ufulu woulanda. Apa ndi pamene mapenate amagwa ngati mvula. Mnyamata amakumbatira mpira pachifuwa kudikira kuti amusiye adzuke, refu n'kuimba. Akakhala kuti wagwetsa ndi iyeyo, amagonera mnzakeyo kuti achedwetse gemu, monga aphunzitsira ku league, pamene lamulo la union likuti musiye, gubuduka uchoke. Refu n'kuimbanso. Ndipo penate ya union ndi mapointi 3, osati 2 ngati ku league. Zolakwa ziwiri zotere pafupi ndi mapolo zaposa kale try, imene ndi mapointi 5.

Pali china chimene ambiri sachiona. Wa league amakonda kulowa mu tackle ataimirira, kuti mikono itsale yomasuka apatsire mnzake. Ku league akakugwira choimirira osayendanso, refu amati wagwidwa, umangoyambiranso. Ku union adani akakugwira choimirira, mnzako n'kubwera kudzakangamira, imeneyo yasanduka maul, ndipo mpira ukapanda kutuluka scrum, pamene mafowadi amaweramirana kulimbirana mpira, imaperekedwa kwa adaniwo. Wataya mpira popanda ngakhale kugwa.

Poteteza napo pali vuto lake. Miyendo yake inazolowera kubwerera mamita 10 pa tackle iliyonse. Ku union mzere wa offside uli pa phazi la munthu womaliza mu ruck, gulu lokankhana pamwamba pa mpira uli pansi, ndiye iye akabwerera amasiya khomo pambali pa ruck, nambala 9 wa adani n'kudutsa osakhudzidwa.

Mankhwala ake si kumukalipira ayi. Dulani kabwalo ka mamita 5 m'lifupi ndi 10 m'litali, atatu mbali iyi atatu mbali iyo, muyambe mongoyenda. Wonyamula mpira akagwa atembenuzire thupi kwa anzake, atambasule mikono yonse n'kuika mpira kutali ndi adani, dzanja limodzi litaukhudza kuti usagubuduke. Wogwetsa aonetse manja onse kuti wasiya, agubudukire m'mbali, osati kumene mpira ukutulukira, kenako aimirire. Othandiza awiri afike kuchokera kumbuyo, mapewa asatsike kuposa chiuno, agwire mdani ndi mkono wonse n'kumukankha, osadzigwetsa pamwamba pa mpira. Mphindi 10 pa tsiku lililonse la maphunziro, liwiro muziwonjezera akamazigwira. Pa miyezi ya September ndi October nthaka ya kuno imauma gwa, sakani pamene pali udzu kapena mchenga, apo ayi ana ayamba kuopa kugwa ndipo amagwa moipa.

Za kusankha: amene sakudziwabe kusiya mpira pansi asayambe gemu ya mpikisano, kaya ndi wamkulu chotani. Alowe mphindi 20 zomaliza, mumuike pa wing kumene ma ruck ndi ochepa.

Prop wakale, Petauke

A Phunzi akamba zoona, koma asiya mbali yathu ya mafowadi, ndipo ndi kumene kumapwetekera anthu. Musanyengedwe ndi maina a malo. Ku league nambala 8 ndi 10 amatchedwa prop, 9 ndi hooker, 1 ndi fullback. Ku union ma prop ndi 1 ndi 3, hooker ndi 2, 9 ndi scrum-half. Dzina limodzi, ntchito zosiyana kotheratu. Scrum ya league ili ndi anthu 6 ndipo kawirikawiri sakankhana, amangoweramirana kuti mabaki apeze malo. Lineout, kuponyera mpira pakati pa mizere iwiri ya mafowadi ukatuluka m'bwalo, kulibe. Hooker wa kumeneko ntchito yake ndi kutola mpira pansi n'kugawa, ndiye akabwera ku union amafanana ndi nambala 9, osati nambala 2 amene amaponya mpira mu lineout ndi kupachikika pakati pa ma prop awiri.

Scrum ya union ndi anthu 8 kukankhana ndi anthu 8, ndipo mphamvu yonseyo imadutsa m'khosi ndi m'msana mwa atatu a kutsogolo. Nambala 1 mutu wake umakhala kunja, nambala 3 mutu wake umalowa pakati pa adani awiri. Msana ukhale wowongoka, mutu ndi mapewa zisatsike kuposa chiuno, mawondo opindika, dzanja ligwire jezi ya mdani pamsana kapena m'nthiti, osati pamkono kapena pakolala. Izi zimatenga zaka. Kutenga chimnyamata chifukwa ndi chachikulu n'kuchiponya pa nambala 3 kuli ngati kumanga m'goli ng'ombe imene sinalimepo: imakhota, n'kugwetsa inzake. Scrum ikagwa chopindika, khosi ndi limene limalipira. Kwa a zaka zosapitirira 19 lamulo limaletsa kukankha kupitirira mita 1.5, makochi a m'masukulu muzilikumbukira limenelo.

Ndiye yang'anani amene zinawayendera. Jason Robinson, Lote Tuqiri, Wendell Sailor, Chris Ashton, Israel Folau, Marika Koroibete: onsewa ndi a wing kapena fullback. Sonny Bill Williams ku league anali fowadi, koma ku union anamuika pa centre, chifukwa kumeneko mphatso yake yopatsira mpira atagwidwa kale imagwira ntchito popanda kuphunzira scrum. Fowadi amene anakhalabe fowadi n'kufika pamwamba penipeni ndi Brad Thorn wa ku Brisbane Broncos, amene anasewera lock ndi kutenga World Cup ndi New Zealand mu 2011. Iyeyo anayamba union mu 2001, ndiye werengani zaka nokha.

Malo ena ovuta ndi nambala 10. Benji Marshall anali mfiti ya mpira ku league, anapita ku Blues ya ku Auckland mu 2014, chaka chisanathe anali atabwerera. Sikuti luso linamuthera. Ku league wotsogolera gemu amadziwa kuti tsopano ndi tackle yachitatu, adani ali mamita 10 kutali, kumenya mpira kudzabwera pamapeto. Ku union nambala 10 amasankha pa mpira uliwonse kuti amenye, apatsire kapena athamange, adani ali pamphuno pake, ndipo ayenera kudziwa kuti akamenya mpira n'kutuluka osagunda pansi ali kunja kwa mzere wa 22, lineout imabwerera pamene wamenyerapo.

Za Suaalii, auzeni anyamatawo kuti union sanaiyambire ku Twickenham. Anasewera union ali kusukulu ku Sydney. Anangobwerera kwawo.

Mayi wa sevens, Chipata

Atate a ku Petauke, pa malo ndagwirizana nanu. Koma a ku Kapata atchula Burgess ngati chitsanzo cha munthu wolephera, ndipo pamenepo ndikana. Amene analephera ndi osankha.

Burgess anatenga chikho cha NRL ndi South Sydney mu 2014 atasewera pafupifupi gemu yonse fupa la patsaya lili lothyoka, n'kupita ku Bath, kalabu ya union ya ku England, chakumapeto kwa chaka chomwecho. A Bath anaona kuti ndi flanker, ndipo pa fainolo ya Premiership mu May 2015 anavala nambala 6. A England, pansi pa Stuart Lancaster, anati ayi ndi centre, n'kumutenga ku World Cup kusiya Luther Burrell amene anali atasewera pamalopo mu Six Nations. Munthu wosakwana chaka mu gemu yatsopano, kalabu ikumuphunzitsa scrum ndi lineout, dziko likumuphunzitsa mizere ya mabaki. Angagwire ziti?

Ndipo onaninso gemu ya Wales imene amamunenera. Jonathan Joseph anavulala, Brad Barritt n'kusunthira pa 13, Burgess n'kuyamba pa 12. Pamene ankamutulutsa, kutatsala mphindi pafupifupi 10, England inali patsogolo 25-18. Try ya Gareth Davies inabwera iye atakhala kale pa benchi, Dan Biggar n'kuwonjezera penate ya pakati pa bwalo, kukhala 28-25. Chakumapeto England inapeza penate yoti ikanafananitsa, n'kusankha kumenyera pakona. Zonsezi Burgess sizimukhudza. Sabata yotsatira Australia inawakwapula 33-13, England eni nyumba n'kutuluka m'gulu. Anthu anafuna womuloza chala, mlendo ndi amene anali pafupi. Mu November anabwerera ku South Sydney.

Chimene kochi wa kuno atengepo n'chakuti mnyamata watsopano mumupatse nambala imodzi, akhale pomwepo nyengo yonse. Osati lero flanker chifukwa wina wapita kumunda, mawa centre chifukwa wina alibe nsapato.

Komanso musaiwale sevens. Anthu 7 mbali iliyonse, mphindi 7 chigawo chilichonse, scrum ya anthu atatu, malo otakasuka. Malamulo a pansi ndi a union omwewo, koma ruck imakhala ya munthu mmodzi kapena awiri, ndiye wophunzira amaona bwinobwino chimene walakwitsa. Semi Radradra wa ku Parramatta anatenga golide ndi Fiji ku Olympics ya Tokyo. Ndipo ifeyo a Zambia ku Commonwealth Games ya 2018 ku Gold Coast ndi ya 2022 ku Birmingham tinapita ndi sevens. Mwana wa ku Mchini kapena ku Nabvutika amene ali ndi liwiro, khomo lake lapafupi ndi limenelo, atsikana chimodzimodzi.

Mkulu wa ku Lundazi

Adzukulu, ndingowonjezerako za kumbuyo, chifukwa ena mukuganiza kuti anthu akhala akuchoka ku league kupita ku union chiyambire. Kale madzi ankayenda chobwerera. Magemu awiriwa anapatukana pa 29 August 1895 ku George Hotel ku Huddersfield, pamene makalabu a kumpoto kwa England anafuna kulipira anthu a m'migodi ndi m'mafakitale ndalama ya tsiku limene ajomba ntchito chifukwa cha mpira, akuluakulu a union n'kukana. Mu 1906 a kumpotowo anachepetsa osewera kufika 13. Kuchokera pamenepo mpaka 1995, wa union wofuna malipiro ankapita ku league, ndipo akapita chitseko cha union chinkatsekedwa kumbuyo kwake. Tom van Vollenhoven, wing wa Springboks, timu ya South Africa, anapita ku St Helens mu 1957 n'kuika ma try 392 kumeneko. Martin Offiah ndi Jonathan Davies anapita ku Widnes, Va'aiga Tuigamala ku Wigan. Onaninso kuti ambiri anali mabaki. Lock wamtali wodumpha mu lineout ndi prop wolemera wa scrum ku league ntchito yawo kulibe, ndipo kubwerera mamita 10 kosalekeza kuja kumawathetsa mpweya.

Union italola malipiro mu August 1995, madzi anatembenuka. Fainolo ya World Cup ya 2003 ku Sydney ndi umboni. Australia, imene kapitawo wake anali George Gregan wobadwira ku Lusaka, inaika Mat Rogers pa 15, Sailor pa 14 ndi Tuqiri pa 11, onse atatu ochokera ku league. Try ya Australia anaika Tuqiri, ya England anaika Robinson amene anachoka ku Wigan mu 2000. England inapambana 20-17. Ma try onse awiri a gemuyo ndi a ana a league, ndipo onse ndi a kumbuyo kwenikweni, monga akambira a ku Petauke.

Chimene league inapatsa union kwambiri, kwa ine, si osewera koma makochi oteteza. Phil Larder anali ndi England mu 2003, Shaun Edwards anamanga mpanda wa Wales kenako wa France, Andy Farrell lero akutsogolera Ireland. Mzere wothamangira adani pamodzi, kukambirana, wina kugwira miyendo wina mpira, zambiri zinachokera kumeneko. Choncho timavidiyo ta NRL musawaletse anawo. Aphunzireko kuyenda pa mzere umodzi ndi kuthamangira m'mpata. Koma kugunda ndi phewa popanda kukulunga mikono n'koletsedwa ku union, ndipo ngakhale ku league anakuletsa mu 2013. Mavidiyo akale adzaza zimenezo.

Wa ku Kapata

Zikomo kwambiri nonse, agogo a ku Lundazi zimenezo sitinkazidziwa. Kamodzi kotsiriza. Anyamata omwewa akuti kochi wanzeru amadzaza benchi ndi mafowadi 7 ndi baki mmodzi ngati South Africa, kuti zimphona zizingosinthana ngati mmene achitira ku league. Kodi timu ya kuno ingachite zimenezo?

Prop wakale, Petauke

Ayi mwana wanga, ndipo zifukwa zake zilipo. Ku league munthu angatuluke, apume, n'kubwereranso, malinga timu isapitirire chiwerengero cha kusintha. Ku union wotuluka mwa kufuna kwa kochi sabwereranso, pokhapokha ngati akulowa m'malo mwa wa kutsogolo kwa scrum amene wavulala, wotuluka magazi, kapena zina zochepa zotere, kapena ngati okonza mpikisano alola kusinthana kobwereza. Ndiye baki mmodzi pa benchi ndiye kuti mabaki awiri akavulala, fowadi akaima pa wing.

South Africa inatha kutero chifukwa inali ndi anthu a ntchito ziwiri. Pa fainolo ya 2023 imene inagonjetsa New Zealand 12-11, baki yekha pa benchi anali Willie le Roux. Nambala 9 wachiwiri kunalibe, Faf de Klerk anasewera mphindi zonse, ndipo akanavulala akanatseka ndi Cheslin Kolbe. Kwagga Smith ndi fowadi koma anakulira mu sevens. Ngakhale zinali choncho anapulumukira pa kamphuno: hooker Bongi Mbonambi anavulala bondo gemu itangoyamba, Deon Fourie, amene nthawi zambiri ndi flanker, n'kusenza gemu yonse, ndipo lineout yawo inavutika. M'gulu anayesa 7-1 yomweyo kwa Ireland n'kugonja 13-8.

Kuno yambani ndi lamulo, kenako mipando ya mu minibasi. Mukalembetsa osewera 23, asanu ndi mmodzi akhale ophunzitsidwa kusewera kutsogolo kwa scrum. Mukalembetsa 19 mpaka 22 akhale asanu, 16 mpaka 18 akhale anayi. Akasowa, refu amalamula scrum yosakankhana, ndipo m'mipikisano yambiri timu imene yachititsa zimenezo imatsala ndi anthu 14. Ndiye ngati minibasi yopita ku Lusaka pa Great East Road ikunyamula osewera 20, pa benchi ya anthu asanu awiri atha kale: prop mmodzi ndi wina wodziwa kukhala hooker ndi kuponya. Wachitatu akhale fowadi wotha kudumpha mu lineout ndi kuseweranso flanker. Wachinayi nambala 9. Wachisanu baki wodziwa kumenya mpira, woti angaime pa 10, pa 12 kapena pa 15.

Mphunzitsi wa masewera, Katete

Pa wachisanuyo ndionjezeko pang'ono. Pakhale anthu awiri mu timu otha kumenyera mapolo, ndipo asamatuluke onse nthawi imodzi. Mnyamata wanu wa zizolowezi za league akafuna mpando umenewo, muyeseni zinthu zitatu Lachinayi musananyamuke: awakhe mipira 10 yomenyedwa m'mwamba wina akumuthamangira, amenye mpira ndi phazi kuchokera mkati mwa 22 n'kuutulutsa kunja, ndipo alowe mu kabwalo ka atatu kwa atatu kaja mphindi zisanu inu muli ndi wezulo. Akapereka penate yopitirira imodzi, ulendo uno atsale, adzayesenso sabata yamawa.